Banja Ndilo Mpanda Woteteza Ana ku Mowa ndi Chamba

TIWERENGE PAMODZI

Mwana amaona zimene makolo akuchita.
Mwana amatsanzira zimene waona.
Tisatume mwana kokagula mowa.
Tidziwe kumene mwana wathu ali dzuwa likalowa.
Mutu umodzi susenza denga.

1. KWATHU KUNO KU MILANGE

Ife a ku Milange tili ndi mwayi. Mvula imagwa bwino m'munsi mwa phiri la Tumbine, ndipo nthaka yathu imabereka chimanga, nandolo, nyemba, soya ndi fodya. Dziko la Malawi lili pafupi. Tikaoloka mtsinje wa Muloza, ndiye kuti tafika m'boma la Mulanje. Msewu wa ku Mocuba umabweretsa ogula mbewu ochokera kutali. Ndalama za mitundu iwiri zimayenda m'manja mwathu, metikali ndi kwacha.

Ambiri a ife tikukumbukira masiku oipa. M'chaka cha 1986 nkhondo idakula kuno, ndipo anthu ochuluka adathawira ku Malawi. Mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Tidabwerera kwathu, tidalambula minda imene idasanduka tchire, tidamanganso nyumba ndi nkhokwe. Zonsezi tidachitira ana ndi adzukulu athu.

Lero ana omwewo ali pa ngozi ina. Njira imene imatulutsa chimanga ndi yomwenso imalowetsa timabotolo ta mowa waukali ndi chamba. Mnyamata wa zaka 14 akanyamula thumba la chimanga pa njinga kukafika nalo kumalire, amabwera madzulo ali ndi ndalama zake. Kawirikawiri palibe amene amamfunsa kuti wapeza zingati ndipo wagula chiyani. Pamsika mowa ndi wotchipa, anzake ali pomwepo, makolo ali kumunda.

M'phunziro ili tikambirana zimene mabanja a m'mudzi umodzi angachite pamodzi kuti ana asayambe mowa ndi chamba.

2. MOWA WAKALE NDI MOWA WA LERO

Mowa si chinthu chachilendo pakati pathu. Makolo athu ankafulula masese ndi kabanga. Koma mowa udali ndi nthawi yake ndiponso eni ake. Unkamwedwa pa dima anthu atamaliza kulima, pa ukwati, pa maliro ndi popereka nsembe kwa mizimu. Chipanda chinkayambira kwa akulu. Ana ankapatsidwa thobwa. Mnyamata wopezeka ataledzera ankachititsa manyazi malume ake ndi mbumba yonse.

Mowa wa lero ulibe nthawi. Umapezeka m'mawa, masana ndi usiku. Kachasu ndi mowa wa m'timabotolo ndi zaukali kuposa masese kangapo, ndipo kabotolo kamodzi kamabisika m'thumba la yunifolomu. Maiko oyandikana nafe adaona vuto lomweli. Zambia idaletsa mowa wa m'timapepala wotchedwa tujilijili m'chaka cha 2012. Malawi idaletsa mowa wa m'masacheti m'chaka cha 2015. Komabe lamulo silingaime pa khomo lililonse. Pa khomo pamaima makolo.

3. ZIMENE MOWA NDI CHAMBA ZIMACHITA

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidapeza kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 2.6 miliyoni adafa chifukwa cha mowa. Ena adafa ndi matenda, ena pa ngozi za pamsewu, ena pa ndewu.

Mowa wambiri umaononga chiwindi. Umakweza kuthamanga kwa magazi. Umafooketsa thupi, kotero kuti chifuwa chachikulu chimalowa msanga. Munthu woledzera amaiwala kumwa mankhwala ake a ARV kapena a chifuwa chachikulu pa nthawi yake. Mayi woyembekezera akamwa mowa, mowawo umafika kwa mwana amene ali m'mimba, ndipo mwanayo angabadwe wochepa thupi ndi wovutika kuphunzira moyo wake wonse.

Kwa ana ngozi ndi yaikulu koposa. Ubongo wa munthu umapitirira kukula mpaka zaka pafupifupi 25. Mbali imene imakhwima pomalizira ndi imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira za mawa. Mwana akayamba mowa asanakwane zaka 15, nkosavuta kuti adzakhale chidakwa atakula kusiyana ndi amene wayamba ali wamkulu. Choncho chaka chilichonse chimene mwana watha osalawa mowa ndi phindu.

Chamba, chimene pa Chipwitikizi amati suruma, anyamata ena amati chimapatsa mphamvu zolimira kapena zopalasira njinga ya kabaza. Si zoona. Chimangobisa kutopa kwa kanthawi. Chimachititsa munthu kuiwalaiwala, chimachepetsa changu pamsewu, ndipo kwa ena chimautsa matenda a misala, makamaka amene ayamba kusuta ali aang'ono.

4. TIWERENGERE NDALAMA

Tiyerekeze kuti bambo wina amamwa mowa wa mametikali 50 tsiku lililonse.

Pa sabata: 50 x 7 = 350
Pa mwezi: 50 x 30 = 1,500
Pa chaka: 50 x 365 = 18,250

Tsopano tifunsane. Thumba la chimanga likugulidwa ndalama zingati pamsika wathu sabata ino? Kodi mametikali 18,250 ndi matumba angati? Ndi malata angati? Ndi makope angati a ana a sukulu?

Tonse tikudziwa mmene zimakhalira. M'miyezi yokolola ndalama zimaoneka zambiri, ndipo chimanga chimatuluka m'nkhokwe chitini chimodzichimodzi kukasinthanitsa ndi kachasu. Pofika Januwale ndi Febuluwale nkhokwe ili mbee. Banja lomwe lidakolola bwino liyamba kuyenda maganyu m'minda ya ena, munda wake uli m'tchire. Mwana amene wagona ndi njala sapita ku sukulu, ndipo mwana amene sali ku sukulu amakatandala pamsika.

5. LAMULO LIKUTI CHIYANI?

Nkofunika kuti malamulo tiwadziwe, chifukwa amatipatsa mphamvu polankhula ndi ogulitsa.

Lamulo nambala 3/97 la pa 13 Malichi 1997 limaletsa kulima, kugulitsa, kunyamula ndi kusuta chamba pamodzi ndi mankhwala ena ozunguza bongo. Lamulo lomweli lidakhazikitsa ofesi ya boma yolimbana ndi mankhwalawa, yotchedwa Gabinete Central de Prevenção e Combate à Droga. Ofesiyi ili ndi nthambi m'zigawo. Ya chigawo chathu cha Zambezia ili ku Quelimane.

M'dziko lathu nkoletsedwa kugulitsa mowa kwa mwana amene sanakwane zaka 18. Lamulo la chaka cha 1999 lidanena zimenezi, ndipo m'chaka cha 2013 boma lidabwerezanso, nkuletsanso kugulitsa mowa m'masukulu.

Ena amanena kuti kutsidya ku Malawi chamba nchololedwa tsopano. Tisanamizidwe. Lamulo la ku Malawi la chaka cha 2020 lidalola alimi okhala ndi chiphaso kulima mitundu ya chamba yopangira mankhwala ndi zinthu za m'mafakitale. Kusuta chamba nkoletsedwabe kumeneko monga kuno. Mnyamata amene wapatsidwa phukusi kuti aolotse pamalire, akagwidwa amamangidwa ndi iyeyo. Mwini phukusi amakhala ali kutali.

6. MWANA AMAPHUNZIRA KUTI?

Timakonda kunena kuti ana athu aonongeka ndi anzawo. Nthawi zina nzoona. Koma tiyeni tiyambe tayang'ana pakhomo pathu.

Ndani amatumidwa ndi botolo kwa mayi wotcheza kachasu? Ndi mwana. Ndani amayatsa ndudu ya agogo pamoto? Ndi mwana. Ndani amatsuka zipanda mowa ukatha? Ndi mwana. Pena timamlawitsa kuti tiseke mmene akukwinyira nkhope. Mwana amene watumidwa mowa kwa zaka zisanu amadziwa njira, amadziwa mtengo, ndipo wogulitsa amamdziwa. Tsiku limene adzapite ndi ndalama zake palibe amene adzadabwe.

Akatswiri amene afufuza za mabanja m'maiko osiyanasiyana adapeza zinthu zitatu zimene zimateteza mwana. Choyamba, mwana akhale ndi munthu wamkulu amene amamkonda ndi kumumvera. Chachiwiri, pakhomo pakhale malamulo omveka amene sasinthasintha. Chachitatu, makolo adziwe kumene mwana ali, amene ali naye, ndi chimene akuchita. Zinthu zitatuzi sizifuna ndalama. Banja losauka lingazichite chimodzimodzi ndi banja lolemera.

Adapezanso kuti kumenya ndi kutukwana sikuletsa mwana kumwa. Mwana womenyedwa amaphunzira kubisa. Amaleka kugona kunyumba, ndipo amene amamlandira ndi anzake a ku mowa aja.

7. ZIMENE ANZATHU ENA ADACHITA

Ku Iceland, chilumba chozizira cha kumpoto kwa Ulaya, achinyamata ankamwa kwambiri. M'chaka cha 1998 ana a zaka 15 ndi 16 adafunsidwa, ndipo 42 mwa ana 100 alionse adavomera kuti adaledzerapo mwezi womwewo. Makolo, masukulu ndi boma adagwirizana. Makolo a sukulu imodzi ankalemba pangano limodzi. Ankakhala nthawi yambiri ndi ana awo. Ana sankaloledwa kuyenda usiku, ndipo makolo ankasinthana kuyendera misewu. Boma lidathandiza kuti ana akhale ndi masewera ndi nyimbo akaweruka ku sukulu. Pofika chaka cha 2016 chiwerengero chija chidatsika kufika pa ana 5 mwa 100.

Ku America, m'zaka za m'ma 1980, mayi wina wophunzira dzina lake Karol Kumpfer, wa pa yunivesite ya Utah, adakonza maphunziro a mabanja. Njira yake idali yotere: mabanja amadyera pamodzi, kenaka makolo amakhala paokha ndi ana paokha, pomaliza onse amakumana kuti ayesere zimene aphunzira. Nthambi ya United Nations yotchedwa UNODC idakonzanso maphunziro afupi a mtundu womwewu a mabanja a m'madera osauka, okumana katatu kokha, kamodzi pa sabata.

Ife tilibe chuma cha ku Iceland. Koma tili ndi zimene iwo adachita kuzifunafuna. Tili ndi malume amene ali ndi mau pa ana a mlongo wake. Tili ndi agogo, ankhoswe, anamkungwi, mafumu, mipingo ndi mizikiti. Tili ndi bwalo. Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

8. TIYAMBE BWANJI M'MUDZI MWATHU?

Ntchitoyi ingayambire m'kalasi lathu lino. Tisankhe anthu awiri, bambo mmodzi ndi mayi mmodzi, odziwika kuti saledzera ndiponso amasunga chinsinsi. Awiriwa apite kwa a mfumu kukapempha chilolezo ndi malo. Akadziwitsenso mlembi wa dera, a komiti ya sukulu ndi wa zaumoyo wa m'mudzi, amene timamutcha APE.

Tiitane mabanja 8 kapena 10 oyandikana amene ali ndi ana a zaka 8 mpaka 15. Tisaitane mabanja a zidakwa okha, chifukwa adzaona ngati tikuwaloza chala ndipo sadzabwera. Tiitane onse. Pamene palibe bambo kapena mayi, abwere agogo, malume kapena aliyense amene akulera mwanayo. Abambo asatumize amayi okha. Mwana wamwamuna amayang'ana kwa bambo ndi kwa malume.

Tisankhe nthawi imene ntchito ya kumunda yachepa, ndiponso tsiku limene si la msika. Tikumane kanayi, kamodzi pa sabata, kwa maola awiri. Ola loyamba makolo akhale paokha, ana paokha ndi mtsogoleri wao. Ola lachiwiri tonse tikhale pamodzi. Banja lililonse libweretse kanthu kochepa, mbatata, chinangwa kapena thobwa. Pa misonkhano imeneyi pasakhale mowa.

Msonkhano woyamba: kumvera mwana

Makolo akambirane funso ili: ndi liti pamene ndidayamika mwana wanga komaliza? Ambiri a ife timalankhula ndi mwana pomtuma ndi pomdzudzula pokha. Ana paokha anene zimene amafuna kudzakhala akakula, ndi zimene zimawadetsa nkhawa. Pokumana, kholo lililonse linene chinthu chimodzi chabwino cha mwana wake pamaso pa onse.

Ntchito ya kunyumba: tsiku lililonse tikhale ndi mwana kanthawi kochepa, pokonola chimanga, posenda nandolo kapena poyenda kuchokera kumunda. Timfunse za tsiku lake, ndipo timleke amalize kulankhula.

Msonkhano wachiwiri: malamulo a pakhomo

Banja lililonse lipangane malamulo ochepa, atatu kapena anayi, ana ali pomwepo. Mwachitsanzo: aliyense akhale atafika pakhomo nthawi ya chakudya cha madzulo, wochoka anene kumene akupita, mwana wopeza ndalama pa ganyu kapena pa kabaza aonetse makolo, ndipo apangane zochita nazo. Tigwirizanenso chilango chake lamulo lisanaswedwe. Chilango chikhale chaching'ono ndi chotsimikizika, monga kusapita ku vidiyo kapena ku mpira Loweruka. Bambo ndi mayi anene chimodzi. Lamulo limene lilipo lero koma mawa palibe, si lamulo.

Makolo nawonso ali ndi lamulo lao: sindidzatuma mwana mowa kapena fodya, ndipo sindidzamlawitsa.

Msonkhano wachitatu: kukana

Mwana amadziwa kuti mowa ndi woipa. Chimene sadziwa ndi mau oyankha mnzake wamkulu akamuseka. Choncho ana achite sewero. Wina akhale wokakamiza, wina wokana.

"Tenga, aise, ulaweko pang'ono. Kodi ndiwe khanda?"
"Iyayi, ine sindimwa. Tiye tikamenye mpira."
"Palibe amene akuona."
"Amalume amandinunkhiza ndikafika. Ndapita."

Aliyense ayesere kangapo mpaka mau azituluka osachita manyazi. Atsikana ayesere kukana mwamuna wamkulu amene akuwagulira chakumwa pamsika, pakuti mowa wotere umakhala ndi ngongole yake. Tikumbuke kuti lamulo la chaka cha 2019 limaletsa ukwati wa mwana amene sanakwane zaka 18.

Makolo nawo ayesere zonena tsiku limene mwana wabwera akununkha mowa. Usiku umenewo tisakambe mlandu. Timgoneke, ndipo m'mawa timuitane pambali.

"Mwana wanga, dzulo udabwera utamwa. Ine ndidada nkhawa. Tandiuza, zidayamba bwanji?"
"Anzanga adandigulira, amayi."
"Ndamva. Lamulo lathu ukulidziwa, ndipo chilango chake ukuchidziwa. Koma pano mpakwanu. Tiye tione chochita kuti zisachitikenso."

Msonkhano wachinayi: pangano la mudzi

Pa msonkhano uwu tiitane a mfumu, aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, eni mabenchi ndi magolosale, eni nyumba za vidiyo, ndi amayi ofulula mowa. Tilembe pangano ndi manja athu, popeza tsopano tikudziwa kulemba. Mungakhale mfundo monga izi:

1. Mwana sagulitsidwa mowa, ngakhale atanena kuti watumidwa.
2. Mowa sugulitsidwa pafupi ndi sukulu.
3. Mowa susinthanitsidwa ndi chimanga cha m'nkhokwe, mbewu, feteleza kapena ziwiya za m'nyumba.
4. Ana salowa m'nyumba za vidiyo nthawi ya sukulu ndi usiku.
5. Wamkulu aliyense woona mwana pa malo a mowa amuperekeze kwao, ndipo makolo athokoze, asakalipe.
6. Pa maliro ndi pa ukwati pakhale akulu awiri oyang'anira ana usiku.

Aliyense asaine kapena adinde chala. Pepala limodzi likhale kwa a mfumu, lina ku sukulu.

Tisaiwale kuti mwana amene tamletsa chinthu ayenera kupatsidwa china chochita. Mudzi upereke bwalo la mpira wa anyamata ndi wa atsikana. Kwaya, magule ndi dimba la achinyamata zimathandizanso. Mnyamata wa kabaza alowe m'gulu losunga ndalama, kuti aone ndalama zake zikukula kufikira atagula njinga yakeyake.

9. AMAYI OFULULA MOWA

Tisawanyoze amayi amenewa. Ambiri ndi amasiye kapena osiyidwa, ndipo kachasu ndi amene amagula sopo, mchere ndi makope a ana ao. Tikawatenga ngati adani adzagulitsa mobisa. Tikawaitana mwaulemu adzakhala alonda athu, chifukwa iwo ndi amene amadziwa mwana aliyense wobwera ndi botolo. Naonso ndi makolo. Gulu losunga ndalama lingathandize amene akufuna kusintha malonda kuti ayambe mandasi, thobwa, tomato kapena nkhuku.

Pali chinthu chinanso choti tikambe nao. Pa 9 Januwale 2015, ku Chitima m'chigawo cha Tete, anthu adamwa mowa wamasese pochokera ku maliro. Anthu oposa 200 adadwala ndipo 75 adamwalira, pamodzi ndi mayi amene adafulula mowawo. Poyamba anthu ankanena za ndulu ya ng'ona. Akatswiri atapima adapeza kuti poizoni adachokera ku tizilombo tosaoneka ndi maso timene tidamera mu ufa wa chimanga woonongeka ndi madzi. Ufa umene sitingaphikire nsima tisafululire mowa kapena thobwa.

10. AMENE WAGWIDWA KALE

M'mabanja ena muli munthu amene mowa udamgwira kale. Uchidakwa ndi matenda, ndipo munthu angathe kuchira. Kumchititsa manyazi pagulu sikuchiza. Ankhoswe ndi malume akhale naye pansi m'mawa asanamwe, anene zimene aona popanda chipongwe, ndipo mmodzi adzipereke kumperekeza ku chipatala.

Tichenjere ndi ichi: munthu amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, akasiya mwadzidzidzi angayambe kunjenjemera, kutuluka thukuta, kuona zinthu zimene palibe, kapena kugwa ngati wa khunyu. Si ufiti. Ndi thupi limene lidazolowera mowa, ndipo zingathe kupha. Munthu wotere asiye mowa mothandizidwa ndi a chipatala. APE kapena anamwino a chipatala chaching'ono adzatiuza kumene kuli wothandiza matenda a maganizo, ngakhale kutitumiza ku chipatala chachikulu ku Milange.

Munthu akaledzera mpaka kukomoka, timgoneke chammbali kuti masanzi asamtsamwe. Tisamsiye yekha, ndipo tisamthire kanthu mkamwa. Ngati sakudzuka kapena akupuma movutika, tithamange naye ku chipatala. Mwana wamng'ono akamwa kachasu, tipite naye msanga osadikira kuti kuche.

Ngati woledzera akumenya mkazi kapena ana, imeneyo si nkhani ya m'nyumba yokha. Lamulo la chaka cha 2009 limaletsa nkhanza za m'banja. Ku polisi kuli ofesi yolandira mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza. Palinso nambala ya lamya yaulere yothandiza ana, 116, yotchedwa Linha Fala Criança.

11. TISALEKERE PANJIRA

Misonkhano inayi ikatha, ntchito siinathe. Mabanja aja azikumana kamodzi pa mwezi, makamaka nthawi yogulitsa chimanga ndi nandolo, pamene ndalama zachuluka m'mudzi. Tizifunsana: ndi ana angati amene ajomba ku sukulu mwezi uno? Kodi alipo amene watuma mwana mowa? Ndi mfundo iti ya pangano imene ikuvuta? Tilembe mayankho m'kope. Pa 26 Juni, tsiku limene dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, tiwerenge kope lathu pa bwalo, ndipo mabanja awiri amene aphunzira akayambitse gulu lina m'mudzi woyandikana nawo.

Ena adzaswa pangano. Ena adzatiseka. Mwana wina adzamwabe. Zimenezi zisatigwetse mphwayi. Mtengo timauongola uli waung'ono, ndipo sitiuongola tsiku limodzi.

MAU OTI TIPHUNZIRE KULEMBA

banja, mpanda, pangano, lamulo, ubongo, chiwindi, chidakwa, nkhokwe, malire, msonkhano

pa-nga-no
u-bo-ngo
nkho-kwe
chi-da-kwa

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi mowa wakale ukusiyana bwanji ndi mowa wa lero m'mudzi mwathu?
2. Nchifukwa chiyani mowa umaononga mwana kuposa munthu wamkulu?
3. Tchulani zinthu zitatu zimene zimateteza mwana pakhomo.
4. Nchifukwa chiyani sitiyenera kuitana mabanja a zidakwa okha?
5. Kodi malume angachite chiyani ngati bambo wa mwana ndiye chidakwa?
6. Mnzathu akatibweretsera mwana wathu kuchokera ku malo a mowa, timuyankhe chiyani?

NTCHITO

1. Lembani m'kope malamulo atatu a pakhomo panu. Muwawerengere a m'banja mwanu madzulo ano.
2. Mayi wina amasunga mametikali 20 tsiku lililonse. Adzakhala ndi ndalama zingati pakatha masiku 30? Nanga pakatha masiku 365?
3. Jambulani mapu a mudzi wanu. Ikani chizindikiro pa sukulu, pa msika, pa bwalo la mpira ndi pa malo onse ogulitsira mowa. Werengani malo amene mwana amadutsa popita ku sukulu.
4. Lembani kalata yaifupi kwa a mfumu yopempha tsiku ndi malo a msonkhano woyamba. Kalasi lisankhe anthu awiri okapereka kalatayo sabata ino.